Dzanja lomwelo, masiku osiyana: nkhani ya mayi wosoka zovala ndi noradrenaline wa mu ubongo

Wodwala ndi dandaulo lake

Mayiwa ali ndi zaka 38, ndipo ntchito yawo ndi yosoka zovala pamakina. Anafika kwa ine patatha miyezi 7 chichitikireni ngozi ya galimoto, pamene galasi losweka linawacheka pamfundo ya dzanja lamanja, mbali ya kuchikhatho. Mtsempha wa mauthenga wotchedwa median unadulidwa mbali imodzi, osati wonse, ndipo a opaleshoni anaulumikiza tsiku lotsatira. Bala linapola bwinobwino. Kalata imene anabwera nayo inali ya mizere itatu: zala zikuwotcha, ku ntchito sanabwerere, mankhwala anasiya okha.

Nditawafunsa chimene chikuwavuta, anatambasula dzanja patebulo. "Adokotala, nsalu ikangondikhudza kunsonga kwa zalazi, ndi moto. Koma ndikatola singano sindiimva kuti ili m'manja mpaka ndiyang'ane." Zimenezi sizinandidabwitse. Mtsempha ukavulala, kumva kopyola muyeso ndi dzanzi zimakhalira limodzi pa khungu lomwelo, ndipo aliyense wothandiza anthu ovulala manja anazionapo. Mawu amene ndinangowalemba osawaganizira ndi amene anawonjezera pambuyo pake: "Masiku ena dzanjali ndi langa, masiku ena si langa."

Matenda a shuga alibe, mowa samwa, ndipo panalibe mankhwala ena amene ankamwa owononga mitsempha. Dokotala amene anawaona poyamba anawapatsa mankhwala a ululu wa mitsempha otchedwa duloxetine, 30 mg m'mawa, kenaka 60 mg. Kuwotcha kunachepa, iwo eni anavomereza. Koma tulo tinathawa, thukuta linkangotuluka, mtima unkathamanga, ndipo tsiku lina mwana wawo atawagwira paphewa kuchokera kumbuyo anakuwa n'kugwetsa zimene ananyamula. Patatha masabata atatu anasiya kumwa.

Zimene ndinapeza powayeza

Chipsera chinali chofewa. Ndikagogoda pa icho ndi chala, kanthu konga magetsi kankathamangira ku chala chamkombaphala. Kupukuta ndi thonje kunkawotcha pa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chachinayi, pomwe chala chaching'ono, chimene chimadalira mtsempha wina wa ulnar, chinalibe vuto. Manja onse awiri anali ofanana maonekedwe, kutentha ndi thukuta, opanda kutupa, choncho sanakwanire m'gulu la CRPS, matenda a ululu wosatha obwera ndi kutupa ndi kusintha kwa khungu, potengera mfundo zoyezera matendawa zotchedwa za ku Budapest. Pa mafunso a DN4 anapeza 6 pa 10, ndipo 4 ndi wokwanira kale kusonyeza ululu wochokera ku mtsempha. Titayeza kathamangidwe ka uthenga mu mtsempha wosokedwawo, uthenga unkadutsa, mochedwa ndi mofooka, koma unkadutsa.

Kenaka ndinayeza ndi timinga tiwiri, kuti ndione mtunda wochepetsetsa umene munthu wotsinzina amazindikira kuti zamukhudza ndi ziwiri osati chimodzi. Kunsonga kwa chala chabwino mtundawu sufika 6 mm. Chala chawo chamkombaphala chamanja chinapereka 11 mm, chamanzere 6 mm. Mtima unkagunda ka 98 pa mphindi, BP inali 138/88. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, ndipo chitseko chitamenyetseka panja anadzidzimuka thupi lonse.

Patatha masabata awiri, ndisanawapatse chilichonse chatsopano, chala chomwecho chinapereka 7 mm. Ndinasangalala, ndinaganiza kuti mtsempha ukuphuka msanga. Ulendo wachitatu chinapereka 12 mm.

Mtsempha wosokedwa umaphuka pafupifupi 1 mm patsiku, ndipo subwerera m'mbuyo pa masabata awiri popanda kuvulala kwatsopano. Apa ndinalakwa. Ndinalemba m'fayilo kuti mayankho a wodwalayu ndi osadalirika, ndipo mumtima ndinayamba kuwakayikira kuti akukokomeza. Muyeso wa timinga tiwiri ndi wodziwika kuti umasinthasintha malinga ndi woyeza, choncho kukayika kwanga kunali ndi pobisala. Amene anandikonza ndi mnzanga wa mafizo a manja. Iyeyo anabwereza muyesowo masiku angapo, ndi chida chimodzi, maulendo 10 pa mtunda uliwonse, kuwerengera pokhapokha akalondola 7. Ataika manambala pamodzi anandionetsa chimene ndinachiphonya: dzanja lamanzere, losavulala konse, nalonso linkasintha, 4 mm pa masiku abwino, 6 mm pa masiku oipa. Galasi silinafike ku dzanja limenelo. Chosinthacho chinali pamwamba, pamene mauthenga a manja onse awiri amakakumana.

Iyenso ndi amene anafunsa za tulo. Mayiwa anayamba kulira. Kuyambira tsiku la ngozi amalota galasi likusweka, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo akadzidzimuka sagonanso. Sakwera galimoto pokhapokha zitavuta. Sanauze aliyense chifukwa ankati anabwera za dzanja. Tinawapempha kuti kwa masabata atatu azilemba m'kabuku maola amene agona, ngati alota zoopsa, ndi kuwotcha kwa zala pa muyeso wa 0 mpaka 10. Usiku wa maloto unkatsatiridwa ndi 7 kapena 8. Usiku wabata, 3 kapena 4.

Njira ya uthenga wa kukhudza, ndi amene amaisintha

Nsalu ikakhudza chala, imakankha timaselo ta m'khungu: ta Merkel timene timazindikira m'mphepete mwa chinthu ndi kukhakhala kwake, ta Meissner timene timamva chinthu chikamaterereka, ta Pacini timene timamva kunjenjemera, ndi ta Ruffini timene timamva khungu likakokeka. Kukankhako kumasanduka magetsi kudzera m'timakomo totchedwa Piezo2, timene tinathandiza kuti Ardem Patapoutian alandire mphoto ya Nobel mu 2021. Uthengawo umathamanga mamita 30 mpaka 70 pa sekondi, kukwera kumbuyo kwa mtsempha waukulu wa mu msana, kuwolokera mbali inayo m'munsi mwa ubongo, kuima pa thalamus, malo a pakati pa ubongo podutsira mauthenga, n'kukafika pa khungwa la ubongo pamene pali mapu a thupi. Pa sukulu tinaphunzira njirayi ngati waya. Koma poima paliponse uthengawo umakwezedwa kapena kutsitsidwa, ndipo mmodzi mwa okweza ndi otsitsawo ndi noradrenaline, mankhwala achilengedwe amene maselo a mitsempha amatumizirana nawo uthenga.

Kuti noradrenaline ndi mthenga wa mitsempha anazisonyeza Ulf von Euler mu 1946, ndipo Marthe Vogt mu 1954 anaonetsa kuti mu ubongo sagawika mofanana malo onse, kutanthauza kuti ali ndi ntchito yakeyake mmenemo. Wochuluka wa iye wopita ku thalamus ndi ku khungwa la ubongo amachokera ku kagulu kamodzi ka maselo, locus coeruleus, dzina la Chilatini lotanthauza malo obiriwira ngati thambo, chifukwa cha utoto wa m'maselo ake. Kali mu pons, gawo la m'munsi mwa ubongo, kumanja ndi kumanzere. Mwa munthu maselo ake safika 100,000, pakati pa maselo pafupifupi mabiliyoni 86, koma nthambi zake zimafika pafupifupi paliponse, mpaka kutsikira mu msana. Gary Aston-Jones ndi Floyd Bloom mu 1981 anaona mwa makoswe kuti maselowa amawomba kwambiri nyama ikakhala maso ndi tcheru, amachepetsa ikagona, ndipo pa tulo ta maloto amangoti zii.

Kuwomba kwake kuli pawiri. Pali kwa nthawi zonse, kwa pang'onopang'ono, kamodzi mpaka katatu pa sekondi pamene nyama ili maso koma yodekha. Pali kwa mwadzidzidzi, kwakufupi, pamene chinthu chofunika chachitika. Aston-Jones ndi Jonathan Cohen mu 2005 anafotokoza kuti kuwomba kwa nthawi zonse kukakhala kwapakatikati, kwa mwadzidzidziko kumaonekera bwino ndipo nyama imagwira ntchito yake molondola. Kukakwera kwambiri, kwa mwadzidzidziko kumamira, nyama imangocheukira chilichonse.

Za kukhudza zenizeni zinayamba kuoneka mu 1980, pamene Barry Waterhouse ndi Donald Woodward anadontheza noradrenaline pang'ono pa maselo a khungwa la ubongo wa khoswe uku akukhudza phazi lake. Kuwomba kopanda chifukwa kwa maselowo kunachepa kuposa kuwomba kobwera ndi kukhudzako. Uthenga sunakule kwenikweni, phokoso lozungulira ndi limene linatsika. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 2000, David Devilbiss ndi Waterhouse anatakasa locus coeruleus ya makoswe ali maso, n'kumayeza mmene thalamus ndi khungwa zikuyankhira ndevu zikakhudzidwa. M'maselo ambiri yankho linkakula potakasa pang'ono, kufika pachimake, kenaka n'kutsika potakasa mopitirira. Ndipo mu 2019 Charles Rodenkirch, Qi Wang ndi anzawo ku Columbia University anasonyeza kuti kutakasa locus coeruleus kumachititsa maselo a thalamus kusiya kuwomba mwa magulumagulu, kumene kumadalira timakomo ta calcium ta mtundu wa T, n'kuyamba kutsatira bwino mayendedwe enieni a ndevu. Makoswewo ankasiyanitsa bwinoko zimene zawakhudza.

Chifukwa china cha kukwera ndi kutsika kumeneku chili pa zolandirira, timakomo ta pa selo pamene noradrenaline amagwira, timene tili mitundu ingapo. Alpha-2 imagwira noradrenaline ngakhale ali wochepa. Alpha-1 ndi beta zimafuna wochulukirapo. Ndiye kuchuluka kukasintha, si mphamvu yokha imene imasintha, koma ndi khomo limene latseguka.

Nditawafotokozera zimenezi mwachidule, mayiwa anandidula mawu. "Ndiye ndi ulusi wa pamakina, adokotala. Ukakhwepa, pansi pa nsalu pamakolana. Mukaumanga kwambiri, nsalu imachita makwinya, ulusi n'kuduka." Kuyambira tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito fanizo lawo la ulusi.

Munthu amene anapulumuka zoopsa n'kumazilota, ulusi wake ndi womangidwa kwambiri. Mahomoni a nkhawa otchedwa CRF amakweza kuwomba kwa nthawi zonse kwa locus coeruleus, monga Rita Valentino ndi anzake anaonetsera. Mwa anthu, Steven Southwick ndi anzake mu 1993 anapereka yohimbine, mankhwala amene amatseka alpha-2 n'kuchulukitsa noradrenaline, kwa asilikali akale odwala PTSD, vuto la m'maganizo lobwera munthu akapulumuka zoopsa, ndipo ambiri a iwo anagwidwa mantha aakulu, ena n'kuonanso zimene zinawachitikira ku nkhondo. Mwa wodwala wanga noradrenaline wa mu ubongo sitinamuyeze. Kutenga magazi sikuthandiza, poti wa m'magazi amachokera ku mitsempha ya m'thupi ndipo sawoloka kulowa mu ubongo. Zambiri zimene ndatchulazi ndi za ndevu za makoswe, si za zala za munthu. Koma ndi kafotokozedwe kokha kamene kanagwirizanitsa manja onse awiri, kabuku ka tulo, mtima wothamanga ndi kudzidzimuka kuja, popanda kumunamizira wodwala bodza.

Chifukwa chake duloxetine anathandiza ndi kuvulaza pa nthawi imodzi

Apa ndi pamene nkhaniyi inandiphunzitsa zambiri. Kuwotcha kobwera ndi thonje kumayambira mu msana. Mtsempha ukavulala, zotchinga za kumbuyo kwa mtsempha wa mu msana zimafooka, ndipo uthenga wa kukhudza wamba umalowerera m'njira ya ululu. Kuchokera ku locus coeruleus ndi magulu oyandikana nayo, amene Annica Dahlström ndi Kjell Fuxe mu 1964 anawapatsa mayina A5, A6 ndi A7, kumatsika nthambi zimene zimathira noradrenaline pomwepo. Kudzera pa alpha-2, iyeyu amachepetsa uthenga wa ululu usanakwere. N'chifukwa chake mankhwala oletsa noradrenaline kubwezedwa mu selo, monga duloxetine ndi amitriptyline, amathandiza ululu wa mitsempha, pomwe okhudza mthenga wina wotchedwa serotonin yekha sathandiza kwenikweni. Kubwezedwa kumeneku ndi kumene Julius Axelrod anakufotokoza, n'kulandira Nobel mu 1970 pamodzi ndi von Euler ndi Bernard Katz.

Koma piritsi silisankha pokafika. Duloxetine anawonjezera noradrenaline mu msana, pamene ankafunika, ndipo kuwotcha kunachepa. Anamuwonjezeranso pamwamba, pamene anali wosefukira kale, ndiponso ku mtima ndi ku khungu. Mayiwa sanasiye mankhwala chifukwa cha mphwayi kapena kusamvera. Anasankha moto wa m'zala kusiyana ndi kukuwa mwana wawo akawagwira. Dokotala woyambayo sindimuimba mlandu, duloxetine ndi mankhwala oyambira ovomerezeka pa ululu wotere, ndipo ineyo ndikanapereka omwewo. Funso la tulo ndi limene tonse sitinafunse.

Chithandizo

Ndinasankha amitriptyline, 10 mg madzulo. Wina angafunse kuti bwanji kuperekanso mankhwala okweza noradrenaline. Amitriptyline, pamodzi ndi nortriptyline amene thupi limapanga kuchokera kwa iye, amaletsa kubwezedwa kuja, koma amatsekanso alpha-1 ndi zolandirira histamine, mthenga wina wogalamutsa ubongo, choncho amagonetsa m'malo mogalamutsa. Ndisanapereke ndinawajambula mtima ndi ECG, ndipo ndinawafunsa mosabisa ngati anaganizapo zodzipha, poti mankhwalawa akamwedwa ambiri amapha. Anati ayi, ndipo ndinawapatsabe a masabata awiri okha pa ulendo. Patatha masabata awiri tinakweza kufika 25 mg. M'kamwa munkauma, ndipo akaimirira msanga ankachita chizungulire. Titayesa 50 mg ankadzuka mutu uli wolemera mpaka masana, ndipo pa tsiku limenelo muyeso wa timinga unaipanso, ulusi utakhwepa tsopano. Tinabwerera pa 25 mg.

Mankhwala ena otchedwa prazosin ndinawaganizira. Amatseka alpha-1 ndipo amalowa mu ubongo, ndipo kafukufuku woyambirira wa Murray Raskind anaonetsa kuti amachepetsa maloto oopsa. Koma kafukufuku wamkulu wa Raskind yemweyo, wa asilikali akale 304, wofalitsidwa mu 2018, sanapeze kusiyana ndi mapiritsi opanda mankhwala. Kuphatikiza apo, mayiwa anali kale ndi chizungulire, ndipo mankhwala awiri otseka alpha-1 akanawagwetsa. Ndinamusiya.

M'malo mwake tinawatumiza kwa katswiri wa za maganizo kuti akalandire uphungu wolunjika pa ngoziyo. Poyamba anakana. "Ine si wamisala, adokotala." Ndinawayankha kuti, "Mayi, palibe wanena zimenezo. Manambala a dzanja lanu lamanzere ndi amene akutitumiza kumeneko." Anapita, ndipo anakumana naye maulendo 10.

Mbali ya mafizo ndi imene ndikufuna anzanga aione bwino, chifukwa sinafune ndalama kapena chida chatsopano. Masewera ake ndi akale: kuzoloweretsa khungu poyamba ndi nsalu yosalala, kenaka yokhakhala, kwa mphindi zochepa kangapo patsiku, ndi kuphunzitsanso ubongo pozindikira zinthu maso ali otsinzina, kenaka kutsegula kuti atsimikize. Chimene tinasintha ndi nthawi ndi mkhalidwe. Kale ankawachita m'chipinda chachikulu, anthu akudutsa kumbuyo kwawo. Mnzanga anawasamutsira pakona, msana kukhoma, chitseko akuchiona. Asanayambe mayiwa ankapuma pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, kutulutsa mpweya motalika kuposa kukoka, ndipo mnzangayo ankawerenga kugunda kwa mtima. Kukapitirira 90, tsiku limenelo sankayeza kapena kuonjezera kukhakhala kwa nsalu, ankangobwereza za dzulo. Mnzangayo ankanena asanawakhudze, ndipo nthawi zambiri mayiwa ankadzikhudza okha poyamba, chifukwa ubongo umachepetsa uthenga wa kukhudza kumene ukukuyembekezera. Ndi chifukwa chomwechi munthu satha kudzigirigisha yekha.

Panalinso mbali ina. Masewera obwerezabwereza amatopetsa, ndipo munthu wotopa ndi woodzera naye samva bwino. Mnzangayo anataya mabokosi ake a timikanda n'kuwauza kuti abwere ndi za ku ntchito kwawo: mabatani a mabowo awiri ndi a mabowo anayi, zipi, mapini otsekeka, ulusi wonenepa ndi woonda, zidutswa za nsalu zosiyanasiyana. Atatsinzina, ankafunika kutchula chimene agwira. Pamenepo nkhope yawo inkasintha, ankakhala tcheru koma osati mwamantha, ndipo ankakwiya akalakwitsa batani.

Zotsatira

Pa sabata la 6 kuwotcha kunali pakati pa 3 ndi 5, ndipo tulo tinafika maola 6. Pa sabata la 9 zinthu zinabwerera m'mbuyo. Basi imene anakwera inamanga mabuleki mwadzidzidzi, palibe anavulala, koma maloto anabwerera usiku unayi motsatizana, kuwotcha kunafika 8, ndipo chala chinapereka 11 mm. Ulendo uno sindinalembe kuti ndi osadalirika. Sitinasinthe mankhwala. Patatha masiku 10 manambala anatsikanso okha.

Pa mwezi wa 5 wa chithandizo, umene unali wa 12 chichitikireni ngozi, chala chamkombaphala chamanja chinkapereka 7 mm maulendo atatu otsatizana, chamanzere 4 mm osasintha. Mtima unali pa 76, BP 124/80. Gawo lina la kusinthaku ndi la mtsempha weniweniwo, umene unkapitiriza kuphuka miyezi yonseyi, ndipo sindingalipereke kwa amitriptyline kapena kwa uphungu. Chimene kuphuka kwa mtsempha sikufotokoza ndi kutha kwa kudumphadumpha kwa manambala, m'manja onse awiri.

Kunsonga kwenikweni kwa chala chapakati dzanzi lidakalipo, ndipo mwina silidzatha. Nsalu zaubweya zimawawotchabe. Anabwerera pamakina theka la tsiku, ndipo ntchito yofuna zala kwambiri, monga kupinda m'mphepete ndi kusokerera mabatani, amaichita m'mawa wa tsiku limene agona bwino. Tinagwirizana kuti amitriptyline tiyambe kumuchepetsa pakatha miyezi ina itatu, 25 mg kupita pa 10 mg, osati kusiya kamodzi, ndipo kabuku ka tulo apitirize kulemba nthawi yonseyo.

Pa ulendo womaliza ndinawapatsa singano ndi ulusi kuti ndione. Anatola singano atatsinzina, anaitembenuza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka anapeza mbali ya bowo, n'kutsegula maso kuti alowetse ulusi. Unalowa kachitatu. Anati kale unkalowa koyamba, ndipo anandipempha kuti ndilembe m'fayilo kuti ndi katatu, kuti ulendo wamawa tidzayerekeze.